Kota ya 1828 imene anandiuza kuti sinapukutidwepo

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ziwirizo zachoka chifukwa cha mnyamata wa pakauntala.

Ndinapita ku sitolo yogulitsa ndalama zakaleyi chifukwa cha kota imodzi yokha, ndalama ya masenti 25 ya ku America, ya 1828 ya 25/50 C. (25 wokhomedwa pamwamba pa 50), imene pa manambala a Browning, osiyanitsira mitundu ya zidindo zopangira makota akale, ndi B-3. Amene mumasaka makota akale a siliva a ku America mukudziwa kuti sipezeka wamba, ndipo mitengo yake mukuidziwa. Ine ndinatulutsa madola opitirira 1,000, ili m'kakhadi chabe, isanapite kwa opereka giredi, akatswiri oyeza ubwino wa ndalama nkuipatsa nambala. Mkati ndi mwaukhondo, katundu ngwambiri, za zimenezo ndilibe mawu.

Ndinamufunsa mnyamatayo maso ndi maso ngati ndalamayo inapukutidwapo. Anati ayi bambo. Ndinafunsanso, anati ili mmene inakalambira, palibe anaikhudza. Ndinapempha nyale ya patebulo kuti ndiipendeke ndione bwino, iye nkuti nyaleyo ili mkati, maso ali pa foni, kumbuyo kwanga kuli anthu awiri akudikira. Magetsi a kudenga amabisa zambiri, aliyense wogulitsa makobidi amadziwa zimenezo. Ndinakhulupirira mawu ake, ndinalipira.

Ndinaitumiza ku kampani yopereka giredi, ndinalipira giredi, ndinalipira yotsimikizira mtundu wa chidindo, inshuwalansi ndi positi, nkudikira masabata asanu ndi awiri. Itabwera, B-3 analemba ndithu, koma m'malo mwa nambala panali mawu akuti "Fine Details, Cleaned". Mtima unandipweteka. Pa sikelo ya Sheldon ya 1 mpaka 70 ndinkayembekezera 12 kapena 15, koma ndalama yopukutidwa saipatsa nambala nkomwe, ndipo tsiku logulitsa aliyense amayamba wawerenga liwu limenelo. Nditaipendeka pansi pa nyale kunyumba, timizere tinaoneka poyera, kutsogolo kwa nkhope ya Liberty, mayi wojambulidwa pa ndalamayo, tonse tolunjika kumodzi. Wina anaikwecha kalekale, siliva nkudetsedwanso ndi zaka. Masekondi khumi a nyale akanandionetsa.

Ndinabwerera ndili wolusa. Mnyamata uja anangoloza chikwangwani choti ndalama zopanda giredi sizibwezedwa, ngati sanali iyeyo amene anandiyankha kawiri konse. Mawu anga anakwera, ndipo mpamene anatuluka eni sitolo, bambo achikulire aimvi. Anatenga kabokosi kamene opereka giredi anaikamo ndalamayo, anakapendeka kamodzi, nkunena kuti opereka giredi sanalakwe. Anati iwo anali atalemba pa envulopu yakale kuti inapukutidwa, koma envulopuyo inatayidwa posamutsira ndalamayo m'kakhadi katsopano. Sanakokane nane. Anati ndisankhe, andibwezere zonse kapena gawo limodzi mwa magawo atatu ndalamayo nkukhala yanga.

Kenako anandikokera mpando, ndipo apa mkwiyo unayamba kuzizira. Anandipatsa galasi lawo lokulitsa kuti ndione pansi pa chiwombankhanga, pamene palembedwa 25 C. Zotsalira za 5 zikusuzumira pa 2, ndipo kuzungulira kwa 0 kukuoneka pa 5. Wosema chidindo ku Philadelphia anakhoma 50 ngati akukonza cha theka la dola, atazindikira nkukhoma 25 pamwamba pake. Chitsulo chabwino sichinkatayidwa masiku amenewo. Chidindo chomwechi chinagwira ntchito mu 1822, chinasungidwa, nkudzatulutsidwanso mu 1828 ndi chidindo china chakumaso. Nkhaniyi ndinaiwerengapo, koma kuiona m'galasi, pa ndalama ili m'dzanja langa, zinandifika mwina. Ine ndinayambira pa masheleni a Malawi a 1964 amene bambo anga ankasunga m'chitini, ndipo chimene chinandikokera ku makota awa, amene maonekedwe ake anajambula John Reich, nchomwechi, kuti manambala ndi nyenyezi ankakhoma ndi dzanja chimodzichimodzi, kotero chidindo chilichonse chili ndi nkhope yakeyake.

Anandiphunzitsanso chinthu chimene ndakhala ndikusokoneza. Mizere yochokera pa kusalaza chidindo imakhala yotukuka pamwamba pa ndalama, ndipo ikafika pa chilembo imalowa pansi pake. Ya kupukuta imakhala yokumbika, imakwera pa zilembo ndi pa tsaya osasankha. Anatulutsa makota awiri m'kabati kuti ndifananize. Anandionetsanso kuti zilembo za E PLURIBUS UNUM zikafooka sikuti nthawi zonse ndalamayo yaperepeseka m'matumba a anthu, nthawi zina makina a dzanja aja sanatsindike mokwanira. Ola lathunthu linatha, osandikakamiza kugula kanthu.

Ndinasankha kuisunga, ndipo gawo lija anandibwezera pomwepo. Mwa makota 102,000 a chaka cha 1828, a chidindo cholakwikachi ndi ochepa, ndipo sindikudziwa kuti ndidzagwiranso ina liti pa thumba langali.

Komabe zimene ndinalipira ku kampani ya giredi zinapita, masabata aja anapitanso, ndipo mnyamata uja mpaka ndikutuluka sananene pepani. Akadali pakauntala pomwepo. Eni sitolo ndi munthu woona mtima ndiponso wodziwa ntchito, koma amene amakulandirani pakhomo ndi winayo, ndipo amayankha zimene akuona kuti mukufuna kumva. M'kabati muli kota ina ya 1818/5, ya 8 wokhomedwa pamwamba pa 5, imene ndaiika m'maso. Ndidzaimba foni kaye kuti ndimve ngati bambo aja alipo, ndipo tochi ndidzatenga yanga.