Maphunziro a kalembedwe ka nkhani zopeka ku Ulongwe

Ku Ulongwe, likulu la boma la Angónia m'dziko la Mozambique, kuli mphunzitsi wina wopuma pantchito amene amaphunzitsa kalembedwe ka nkhani zopeka Loweruka masana, m'chipinda cha sukulu chimene amachita kubwereka. Malipiro ake ndi apamwezi ndipo ndi osaboola m'thumba. M'gulu limene ndinalimo ine munali aphunzitsi a kupulaimale, achinyamata ofuna kulemba masewero a pawailesi, ndiponso amayi ena amene amachokera ku Dómue pa njinga yamoto. Chiphunzitso chonse chimachitika m'Chinyanja, ndipo chimenechi n'chimene chinandikoka, chifukwa ambiri a ife tinazolowera kugwira cholembera m'Chipwitikizi chokha, ngakhale kuti chigawo chathu cha Tete n'chimodzi mwa zigawo ziwiri kumene boma linayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo m'chaka cha 1993.

Aphunzitsiwa amayambira pa nthano zimene aliyense anakula nazo. Amati “Padangokhala,” ife n'kuvomera kuti “Tili tonse,” kenaka amasimba za Kalulu amene anakana kukumba chitsime m'nthawi ya chilala, koma n'kumabwera usiku kudzaba madzi. Akamaliza amaiphwanya nthanoyo pabolodi kuti tione atengambali, malo ndi nthawi, kusamvana, tsatanetsatane wa zochitika, pampondachimera ndi mathero. Njira imeneyi ndi yabwino chifukwa munthu amazindikira kuti zipangizo zonse za nkhani anazimva kale pakamwa pa agogo ake, chimene ankasowa ndi kuziona chimodzichimodzi.

Pamene maphunzirowa ali ndi mphamvu zenizeni ndi pa kusamvana. Mtengambali aliyense amene wophunzira wabweretsa amafunsidwa mafunso awiri omwewo: akufuna chiyani, nanga chikumuletsa n'chiyani? Mnyamata wina anawerenga masamba atatu ofotokoza mayi wogulitsa mbatatesi pachipata cha Calomue pamalire ndi Malawi, mmene amamangira makwacha ku nsonga ina ya chitenje ndi mametikali ku nsonga inayo, mmene amayalira thumba pansi, ndi mmene chisanu cha mu Juni chimamuumitsira zala. Tonse tinayamikira, koma aphunzitsi anati, “Achimwene, amayiwa ndawaona ndithu, koma sindinade nawo nkhawa. Apatseni vuto.” Sabata yotsatira mayi uja anali ndi mwana wamwamuna wofuna kukasaka ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndipo ndalama yaulendo imene mwanayo ankapempha inali yomweyo imene mayiyo ankasungira feteleza. Palibe chimene chinasintha pa chitenje ndi chisanu chija, koma tsopano aliyense ankafuna kudziwa nsonga imene mayiyo adzamasule.

Pa nkhani ya malo ndi nthawi salola kuti munthu angolemba kuti “m'mudzi wina kalekale.” Amayi ena analemba za bambo amene anabwerera kwawo kuchokera ku Malawi nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, n'kupeza munda wake ukulimidwa ndi msuweni wake. Aphunzitsi anawaonetsa kuti chakacho ndi mundawo ndi zimene zikubala mkangano wonse, moti nkhaniyo itasamutsidwira kwina ikhoza kufa ngati mbande yowokedwa pathanthwe. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu, chifukwa alembi ambiri oyamba kumene amaona ngati kwawo kulibe nkhani, chonsecho mabanja ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano ali ndi wina amene anawoloka malire m'zaka zimenezo.

Zofooka ziliponso, ndipo sizazing'ono. Phunziro la mfotokozankhani, loti nkhani isimbidwe ndi “ine” kapena ndi wina woonera patali, linangodutsidwa mothamanga, chikhalirecho apa ndi pamene ambiri amapunthwa, kuyamba ndi maso a mwana n'kupezeka pakati pa tsamba akuulula za mumtima mwa mfumu. Za kulemba zokambirana za atengambali tinazikhudza pang'ono chabe. Mapepala amene amagawa nawonso ndi a m'Chipwitikizi, choncho zitsanzo zake sizigwirizana ndi zimene zanenedwa m'kalasi, ndipo palibe amene anatithandiza pa kalembedwe ka mawu, moti ena ankatsata kalembedwe ka ku Malawi, ena ka kuno, ena n'kumasakaniza m'ndime imodzi.

Pa mathero aphunzitsiwa ndi okhwimitsa zinthu kwambiri. Amadula ndi cholembera chofiira chiganizo chilichonse choyamba ndi “Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti,” ponena kuti wowerenga ndi wamkulu, adziwa yekha. Pa nkhani zazifupi za masiku ano akunena zoona, koma amene akulembera ana a sukulu kapena sewero la pawailesi anafunika kuuzidwa nthawi imene phunziro lingaonekere poyera popanda kuononga nkhani.

Amene sanamalizepo nkhani ngakhale imodzi apindula kwambiri akalembetsa, ndipo apite ndi kope lalikulu chifukwa ntchito ya kunyumba imaperekedwa sabata iliyonse. Amene ali ndi zolemba zake kale ayambe wafunsa ngati aphunzitsi angaziwerenge paokha, popeza gulu likakula nthawi yowerenga mokweza imatha anthu ena asanafikiridwe.