Chingwe kapena makina a kompyuta: kupeza vuto la kumbuyo kwa galimoto

Galimoto ikachokera ku East Bank kudzera msewu wa Thabwa n'kuyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu, chiwongolero chitapendekeka pomwe muli pamsewu wowongoka pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ambiri amathamangira kunena kuti alayimenti yakutsogolo yasokonekera. Kawirikawiri vuto limakhala kumbuyo. Njira zolipezera ndi ziwiri: kuyeza ndi chingwe konkuno kuchigwa cha Shire, kapena kukwera phiri kupita ku Blantyre pa makina a kompyuta.

Chingwe chimafuna malo a simenti osapendekeka, tepi, ulusi wa nayiloni wa asodzi ndi zoimikira zinayi. Popani matayala mofanana m'mawa kusanatenthe. Yezani kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Kusiyana kukapitirira mamilimita 5 mpaka 10, kayikirani kuti ekiselo, chitsulo cholumikiza magudumu awiri akumbuyo, yasuntha. Pa Hilux, yomwe ili ndi masipuling'i a leaf, yambirani pa centre bolt, bawuti yapakati yogwira masipuling'iwo pamodzi: imaduka ma U-bolt omanga masipuling'i ku ekiselo akamasuka, ndipo mudzaona chitsulo chowala pomwe ekiselo yakhala ikukhuzika. Pa Probox onani mabushi (malabala a m'malo olumikizira) a mikono inayi yogwira ekiselo ndi lateral rod (ndodo yopingasa yoletsa ekiselo kusunthira m'mbali), yomwe ikapindika imakokera ekiselo yonse mbali imodzi.

Kenako kokani ulusiwo mbali zonse ziwiri, ufanane ndi pakati pa magudumu, utalikirane ndi galimoto mofanana. Yezani kuchokera pa ulusi kufika m'mphepete mwa limu, kutsogolo ndi kumbuyo kwa gudumu lililonse. Pa limu ya mainchesi 14, kusiyana kwa milimita imodzi pakati pa miyeso iwiriyi ndi kupotoka kwa gudumu kwa pafupifupi madigiri 0.16, ndiye dzanja lisanjenjemere. Limu yopindika imanamiza. Kankhani galimoto gudumu lizungulire theka, muyezenso.

Makina a kompyuta amaposa chingwe pa zinthu zing'onozing'ono. Amaonetsa toe (kuloza mkati kapena kunja kwa kutsogolo kwa gudumu) ndi camber (kupendekera mkati kapena kunja kwa pamwamba pake) ya gudumu lililonse ndi komwe ekiselo yakumbuyo ikukankhira galimoto, n'kukupatsani pepala loti musunge. Ngati tayala likutha mkati mokha koma chingwe sichikuonetsa kanthu, pitani kumakina. Koma dziwani kuti Vitz, Probox ndi Hilux zilibe pochunira kumbuyo. Makina adzangolemba zofiira, osakuuzani chitsulo chomwe chapindika. Amakaniko ena amangowongola chiwongolero kutsogolo n'kukubwezerani kiyi, tayala lakumbuyo n'kumathabe. Musalole zimenezo. Apempheni akuonetseni manambala akumbuyo.

Njira zonse ziwirizi n'zopanda ntchito ngati mabushi adatha, chifukwa gudumu limaima pena poyeza, pena poyenda. Kutentha kwa kuno kumaumitsa labala msanga, ndipo mchenga wa m'madzi osefukira umaipala. Choncho tsukani matope kaye, amakaniko alowe pansi ndi chitsulo chopanira, agwedeze bushi iliyonse. Kwezani ndi jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi: likagwedera, bering'i yatha. Shoko yonyowa mafuta, kapena tayala lotha mabangamabanga ngati lasemedwa, ndiye kuti shoko yafa. Sinthani ziwiri zonse, osati imodzi. Yezaninso kuchokera pakati pa gudumu kufika pabodi pamwamba pake. Mbali imodzi ikatsika ndi mamilimita oposa 15, sipuling'i yatopa kapena yaduka, zomwe sizichedwa pa galimoto zonyamula matumba a thonje ndi mapira mopitirira muyeso.

Kwa ife, chingwe n'chokwanira pa Hilux ndi Probox, chifukwa ekiselo yake ndi imodzi yolimba ndipo ikasuntha tepi imagwira. Makina asungireni pomaliza, mutasintha zonse zakutha, kapena pamene mukukayikira kuti chitsulo chopingasa cholumikiza magudumu akumbuyo a Vitz chapindika. Chikapindika, gulani china. Kuchiwotcha ndi gasi kuti chiwongoke kumachifooketsa. Pomanga mabushi atsopano, mabawuti ake muwalimbitse galimoto itatsika pa jeke, itaima pa matayala ake, apo ayi labala imapotoka n'kung'ambika msanga.