Buku la 1498 ndalikonda, koma masamba 16 mulibe ndipo wogulitsa akuti ang'amba ndi ana anga

Nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo zipite kwa amene analemba bukuli. Wogulitsa sindimupatsa ngakhale imodzi.

Ndinaitanitsa buku lija amalitsatsa pa Facebook, lofotokoza zimene zinachitika padziko m'chaka cha 1498, pa K28,000 ija kuphatikiza ya transipoti. Ndalama ndinatumiza pa foni Lolemba, phukusi linafika pa basi Lachisanu m'malo mwa Lachitatu. Pamenepo sindinadandaule, misewu yathu timaidziwa.

Vuto lili pa tsamba 96. Usiku umenewo magetsi anali atazima, ndikuwerenga ndi tochi ya foni, nkhani itafika pokoma. Vasco da Gama, mtsogoleri wa zombo za Apwitikizi amene ananyamuka ku Lisbon mu July 1497, wachoka kale pa mtsinje wa ku Quelimane kumene amalinyero ake anatupa nkhama ndi chiseyeye, wafika pa chilumba cha Mozambique kumayambiriro kwa March. Mfumu ya pachilumbapo yawalandira poganiza kuti ndi Asilamu anzake, kenako yatulukira kuti ndi Akhristu, mkangano wabuka pa nkhani yotunga madzi akumwa. Nditembenuze tsamba, ndangoona 113, zombo zili kale ku Calicut, ku India! Mombasa mulibe, Malindi mulibe. Ndinaunika pamsana pa buku ndi tochi ija, palibe pong'ambika, guluu ali bwinobwino. Masambawo sanalowemo n'komwe kuchokera kosindikiza.

M'mawa ndinaimba. Munthu yemwe uja ankanditchula bwana pa uthenga uliwonse ndisanalipire anangoti, "Bambo, mwina ana anu ang'amba." Ana anga ali kumudzi kwa agogo awo holide yonseyi, bukulo sanalione ndi maso. Ndinamutumizira zithunzi pa WhatsApp, tsamba 96 ndi 113 zitagundana chonchi. Anaziona, anakhala duu masiku awiri, kenako n'kulemba kuti katundu akachoka m'manja mwawo sabwerera. Chimene chinandiwawa si ndalama ayi, koma kundiyesa wabodza ine munthu wamkulu, ngati ndakhala pansi ndi lezala kudula masamba kuti ndimubere buku lachiwiri.

Ndipo gawo losowalo ndi limene ndinaguliradi bukuli. Ku sekondale aphunzitsi anatiuza kuti mfumu ya ku Malindi ndi imene inapatsa Apwitikizi katswiri wodziwa nyanja ndi mphepo zake, amene anawaolotsa mpaka ku India mwezi usanathe. Ndinkafuna ndione ngati wolembayu akuvomereza kuti njira imene amati anaitulukira azungu, amalonda a m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa kuno ankaiyenda kale. Mpaka lero sindikudziwa zimene analemba pamenepo.

Komabe mkwiyo utatsika ndinapitiriza kuwerenga, ndipo ndinene zoona, bukuli ndi lokoma. Wolemba amakusunthira uku ndi uku mwezi womwewo. Da Gama akufika ku Calicut pa 20 May, patangopita masiku atatu ku Florence, mu Italy, akupachika ndi kuwotcha mlaliki Savonarola pabwalo la mzinda. Mu April mfumu ya France, Charles VIII, yagunda mutu pafelemu ya chitseko ku Amboise ikupita kukaonera masewera, n'kumwalira tsiku lomwelo ili ndi zaka 27, mpando n'kupita kwa Louis XII. Ndinawerenga kawiri pamenepo, mfumu yomwe inalowa ndi asilikali mu Italy kufa ndi chitseko. Kumapeto kwa July woyenda panyanja wina, Columbus, pa ulendo wake wachitatu wopita ku America, akuona chilumba cha Trinidad.

Pamene ndinaseka ndekha mpaka mayi a kunyumba kudzuka ndi pa mphatso. Da Gama anakonzera mfumu ya ku Calicut nsalu, zipewa, shuga, mafuta ndi uchi, ndipo nduna zake zitaona zinangoseka kuti zimenezi si zopatsa mfumu, kuno kumafunika golide. Munthu wayenda miyezi khumi panyanja n'kukachita manyazi ngati mkamwini wopita kwa apongozi ndi paketi ya mchere.

Mapu ndiwo ofooka, ndi aang'ono ndipo dzina la Sofala lagwera pakati pomwe masamba amakumana, kuliona mpaka uthyole buku.

Dzulo, nditalemba pansi pa chithunzi chake chotsatsira malonda, wogulitsa uja wandiimbira, mawu atabwerera ku bwana. Akuti nditumize bukulo pa ndalama zanga ndipo aona chochita. Ndamuuza kuti ayambe iye kutumiza labwinolo, atatsegula yekha tsamba 97 n'kundijambulira. Sanayankhebe.