Sylvia's, Amy Ruth's kapena Red Rooster: kumene ndimatengera alendo ku Harlem

Aliyense wochokera kumudzi akafika ku New York, akangomaliza kujambulitsa ku Times Square, amandifunsa funso limodzi: soul food imene timamva ija, chakudya cha makolo cha anthu akuda a ku America, tikaidye kuti? Ndayankha pa WhatsApp mpaka zala kuwawa, ndiye ndilembe pano kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira. Ku Harlem, dera lina la mumzindawu, anthu amatchula kwambiri malo atatu, ndipo onse mumafikako pa sitima ya nambala 2 kapena 3.

Za nkhuku yokazinga sinditayapo nthawi, konseko ndi yokoma. Wophika weniweni amadziwika ndi zapambali: masamba a collard owira mpaka kufeweratu pamodzi ndi nyama yowamba, khobwe, mbatata yothira shuga, makaroni a tchizi. Maphikidwe amenewa anafika m'mizinda ndi anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni amene anachoka kumwera kwa America pakati pa 1910 ndi 1970, pothawa tsankho ndi kufuna ntchito. Ananyamula zimene amayi awo ankaphika, ndipo mphika wa masamba ndi umene umaulula ngati m'khitchini mudakali munthu wokumbukira zimenezo.

Sylvia's ndiye kholo. Mayi Sylvia Woods, a ku Hemingway ku South Carolina, anagula kalesitilanti kamene ankagwirako ntchito mu 1962, pa Lenox Avenue pafupi ndi 126th Street, ndipo anamwalira mu 2012 akutchedwa mfumukazi ya soul food. Banja lawo likuyendetsabe malowa. Lamlungu kumakhala nyimbo za gospel anthu akudya, koma ndi tsiku lomwelonso limene alendo odzaona mzinda amadzaza ndi mabasi. Pitani pakati pa sabata masana, mudye nthiti mwabata.

Red Rooster ili mumsewu womwewo, kungoyenda pang'ono. Anaitsegula mu 2010 ndi Marcus Samuelsson, wobadwira ku Ethiopia n'kukulira ku Sweden, ndipo zonsezo zimamveka m'mbale. Malo ndi okongola, nyimbo ndi zabwino, mitengo ndi yokwera kuposa anzakewo. Ndi kokondwerera tsiku lobadwa, osati kopita ndi njala ya tsiku lonse.

Ine mtima wanga uli pa Amy Ruth's, pa 116th Street, ndipo sindibisa. Dzinalo ndi la agogo a amene anayambitsa malowa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mbale zawo amazitchula mayina a anthu akuda otchuka: mukafuna nkhuku ndi waffle, mtundu wa chikondamoyo cha ufa wa tirigu chimene amathirapo manyuchi, mumaitanitsa The Rev. Al Sharpton. Ndikudziwa, kuthira manyuchi pa nkhuku yokazinga n'chinthu chimene m'bale wanga aliyense amayamba wakana. Akalawa amakhala chete. Chimanga chawo chophika ngati buledi, cornbread ija, chimandikumbutsa chikondamoyo chotentha, ndipo mbale imabwera yodzaza moti ena amanyamula chotsala.

Tsopano za ndalama, chifukwa apa ndi pamene ndinapsa mtima, ndipo sizinachitikire pa malo atatuwa. Kuli lesitilanti ina, sinditchula dzina, kumene tinapita gulu ndi alendo anga ochokera ku Lilongwe. Mtengo wolembedwa pa menyu ku New York si umene mumalipira, izi ndinawauza kale. Pamwamba pake amaikapo msonkho wa 8.875 peresenti, ndipo woperekera zakudya mumamusiyira tipi ya 18 kapena 20 peresenti, chifukwa malipiro ake enieni amadalira imeneyo. Chakudya cha madola 100 chimafika pafupifupi 129. Zimenezo sindidandaula nazo, atsikana ndi anyamata aja amaima tsiku lonse.

Chimene anatichita n'china. Poti tinali ambiri, anali ataika kale 20 peresenti yawo mu bilu, pa kamzere kakang'ono kapansi, popanda wotiuza. Kenako anabweretsa kamakina ka khadi, n'kukapereka kwa bambo wachikulire amene anaumirira kuti alipira ndi iwo, ndipo kamakinako kankafunsanso tipi: 20, 22 kapena 25. Bamboyo, munthu waulemu wosafuna kuoneka woumira pamaso pa ana, anadina 20. Tipi kawiri, yachiwiriyo atawerengera pa bilu yokhala kale ndi msonkho ndi tipi yoyamba. Titaona lisiti n'kufunsa, anatiyankha kuti zinalembedwa pa menyu. Zinalembedwadi, kumapeto kwa tsamba lomaliza, m'zilembo zimene munthu wa zaka 60 sangawerenge m'chipinda chamdima. Ndalamazo si zimene zinandiwawa kwambiri. Chinandiwawa n'kuona munthu wamkulu akuwerengera m'makwacha chamumtima, n'kungoti, "Zisiyeni ana anga, tadya kale." Sindinapondekonso, ngakhale mlamba wawo wokazinga unali wabwino.

Ndiye kulikonse kumene mungapite, ngakhale pa malo atatu ndatchulawa, mukakhala anthu 6 kapena kuposa funsani musanaitanitse ngati tipi amaiphatikiza okha, chifukwa malesitilanti ambiri mumzindawu amatero. Bilu ikabwera, fufuzani mzere wa gratuity kapena service charge musanagwire kamakina. Ukakhalapo, simukakamizidwa kuwonjezera.

Kwa abale achisilamu ndi a Seventh Day: musangoona masamba n'kuganiza kuti mulibe kanthu. Mwamwambo collard ndi khobwe amaziphika ndi fupa la nkhumba, ngakhale ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito nkhukundembo yowamba. Funsani woperekera, akauzani. Ndipo mukakhala pa 116th Street, mwayandikira kale dera la anthu a ku Senegal, kumene chakudya cha halal sichisowa.

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha ndipo mwabwera ndi amayi kapena apongozi amene akufuna kuona malo a mbiri, atengereni ku Sylvia's Lachiwiri kapena Lachitatu. Ngati ndi inu nokha ndi anzanu, tsikani pa 116th Street, mulowe ku Amy Ruth's, muitanitse nkhuku ndi waffle, ndipo masamba muitanitse mbale yakeyake.