Medicaid ndi chithandizo cha ABA cha ana aang'ono: zimene taona m'chaka ndi theka

Mwana wathu wamwamuna ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi 11, ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena), ndipo kwa miyezi 8 tsopano wakhala akulandira chithandizo chophunzitsa khalidwe ndi kulankhula chotchedwa ABA, chimene akulipira ndi a Medicaid, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo kuno ku America. Ndikulemba ndemangayi chifukwa makolo anzanga angapo andifunsa funso limodzimodzi, lakuti kodi Medicaid imalipiradi chithandizo chimenechi kapena ndi nkhambakamwa chabe. Imalipira ndithu, ndipo ife sitinatulutsepo ngakhale dola imodzi. Chimene tinalipira ndi nthawi, chifukwa kuchokera tsiku limene dokotala wa ana anayamba kukayikira kufikira tsiku limene mphunzitsi woyamba anagogoda pakhomo pathu panadutsa miyezi 9, yomwe ndi theka la moyo wonse umene mwanayo anali atakhala padziko pamene tinkayamba ulendowu.

Lamulo lenilenilo n'labwino kuposa mmene ambiri amaganizira. Medicaid inakhazikitsidwa mu 1965 mu ulamuliro wa pulezidenti Lyndon B. Johnson, ndipo ndalama zake zimachokera ku boma lalikulu komanso ku zigawo za dzikoli, koma chigawo chilichonse chimayendetsa yakeyake, n'chifukwa chake zimene mnzanu wa ku chigawo china wakuuzani pafoni sizifanana kwenikweni ndi zimene mungakumane nazo kwanu. Chimene chili chofanana paliponse ndi gawo la ana lotchedwa EPSDT, lomwe linawonjezeredwa mu 1967 n'kulimbitsidwa mu 1989. Gawoli limanena kuti munthu wosakwana zaka 21 ayenera kupatsidwa chithandizo chilichonse chimene achipatala aona kuti n'chofunika pokonza kapena pochepetsa vuto lake. Mawu akuti kuchepetsa ndi amene kholo liyenera kuwagwiritsitsa, popeza autism sichiritsika, ndipo lamulolo silifuna kuti wina alonjeze kuti mwana achira. Pa 7 Julayi 2014 bungwe la CMS, limene limayang'anira Medicaid, linalembera zigawo zonse kuzikumbutsa kuti ana a autism nawonso ali pansi pa lamulo limeneli. Kalatayo sinalamule kuti chithandizocho chikhale ABA basi, koma zigawo zinayamba kuilipira china pambuyo pa chinzake, mpaka Texas, imene inachedwa kwambiri, inayamba mu Febuluwale 2022.

Za kulowa mu Medicaid sindichulutsa, chifukwa kwa ife sikunavute: malipiro a banja lathu anali m'munsi mwa malire amene chigawo chathu chinaika pa ana aang'ono. Amene malipiro awo apitirira malirewo afunse ngati chigawo chawo chili ndi njira ya Katie Beckett, imene ena amaitcha TEFRA. Inatchedwa dzina la mtsikana wa ku Iowa amene nkhani yake pulezidenti Ronald Reagan anaitchula poyera mu 1981, ndipo m'zigawo zimene zinailandira amayang'ana kukula kwa chilema cha mwana osawerengera ndalama za makolo. Kuyambira mu Januwale 2024 mwana akavomerezedwa amakhalamo miyezi 12 yathunthu ngakhale malipiro a makolo asinthe pakati pa chaka.

Nkhani yathu inayambira pa fomu. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limalangiza kuti mwana aliyense apimidwe za autism ali ndi miyezi 18 komanso 24, ndipo chipatala chathu chinatsatira zimenezo. Anatipatsa pepala lotchedwa M-CHAT-R, la mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi. Ine ndinkachonga mwachangu mpaka ndinafika pa funso lakuti kodi mwana amaloza chinthu ndi chala pofuna kukuonetsani chimene chamusangalatsa. Ndinachonga kuti inde, koma akazi anga anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo ake, munamuonapo liti akuloza?" Ndinachita kakasi. Mwanayo anali pansi pa mpando akundandalika zivindikiro za mabotolo zimene ankayenda nazo m'thumba kulikonse, ndipo ndinamuitana dzina katatu osatembenuka. Ndinafufuta yankho langa lija. Ndimatchula zimenezi chifukwa makolo ambiri timayankha mafunsowa moteteza mwana, pamene pepala limeneli ndi limene limatsegula zitseko zonse zotsatira. Vutoli si lachilendonso: bungwe la boma loona za matenda la CDC linalengeza mu 2025 kuti pa ana 31 alionse a zaka 8 m'madera amene linafufuza, mmodzi anapezeka ndi autism.

Fomu ija imangosonyeza kukayikira, ndipo pa kukayikira kokha palibe amene amalipira ABA. Pamafunika lipoti la katswiri lotsimikizira vutolo, ndipo apa ndi pamene tinagwira njakata. Tinadikira miyezi isanu kuti tionane ndi katswiri, amene anamuyesa mwanayo pogwiritsa ntchito njira yotchedwa ADOS-2, imene kwa ana aang'ono imaoneka ngati masewera wamba a zidole ndi thovu la sopo, kenako n'kulemba nambala ya vutolo, F84.0, imene imaoneka pa pepala lililonse kuchokera pamenepo. Ndikanadziwa kale ndikanalembetsa kwa akatswiri atatu tsiku limodzi n'kuwapempha kuti azindiimbira wina akalephera kubwera, m'malo modalira mzere umodzi. Chimene chinatipulumutsa m'miyezi imeneyo ndi ntchito yothandiza ana osakwana zaka zitatu ya pansi pa gawo C la lamulo la maphunziro a ana olumala lotchedwa IDEA, imene sidikira lipoti la autism ndipo kholo lingathe kudziimbira lokha foni. Lamulo limawapatsa masiku 45 kuti amuyese mwana n'kukhala nanu pansi kupanga dongosolo, ndipo kwa ife anasunga masikuwo, moti wophunzitsa kulankhula anayamba kubwera kamodzi pa sabata tikudikirabe zinazo.

Lipoti litatuluka tinayamba kufunafuna malo opereka ABA. Ndinaimba malo 9. Anayi anandiuza kuti salandira Medicaid, ndipo mayi wina anandiuza mosabisa kuti ndalama zimene amapatsidwa pa ola n'zochepa poyerekeza ndi za inshuwalansi za kuntchito. Otsalawo anali ndi mizere yawoyawo. Patatha miyezi itatu tinapeza malo, ndipo katswiri wa khalidwe, amene amatchedwa BCBA ndipo amakhala ndi digiri yachiwiri, anabwera kunyumba kawiri kudzamuona mwanayo n'kulemba dongosolo lopempha maola 25 pa sabata. Dongosolo limeneli silipita ku boma mwachindunji. M'zigawo zambiri boma limapereka ntchitoyi kwa makampani a inshuwalansi, ndipo kampaniyo ndi imene imapereka chilolezo chithandizo chisanayambe, nthawi zambiri cha miyezi 6. Chilolezocho chimawerengedwa m'timagawo ta mphindi 15 ndipo ntchito iliyonse ili ndi nambala yake: 97151 ndi ya kumuyesa mwana, 97153 ndi ya maola amene mphunzitsi amakhala naye, 97155 ndi ya nthawi imene katswiri akukonza njira zophunzitsira, pamene 97156 ndi ya kuphunzitsa makolo. Poyamba ndinkaona ngati manambalawa sakundikhudza, koma popanda iwo kalata ya kampani simungaimve.

Kalata yathu inavomereza maola 10 okha. Ndinaiwerenga kawiri nditaimirira, kachitatu nditakhala pansi ndi pensulo, n'kugawa timagawo tija ndi zinayi kuti ndipeze maola. Chifukwa chimene analemba chinali chakuti dongosololo silinasonyeze kuti maola onsewo ndi ofunika pa zachipatala, ndiponso kuti zolinga zina zinkafanana ndi za wophunzitsa kulankhula uja. Ndinakwiya ndi kampaniyo, imene sinditchula dzina, ndipo mpaka pano ndimaona kuti kudula maola oposa theka popanda kuimbira foni katswiri amene anamuona mwana ndi maso ake kunali kuponderezana. Komabe nditawerenga dongosolo lathu ndi mtima wozizira ndinaona kuti nalonso linali lofooka. Linkanena kuti mwana akufunika kuwonjezera luso lolankhulana ndi anthu, osanena pamene ali lero ndi pamene akufuna kumufikitsa.

Kumbuyo kwa kalata yokanayo kunali zimene ndimaona kuti ndi mbali yamphamvu kwambiri ya Medicaid. Kholo lili ndi masiku 60 kuchokera pa deti la kalatayo kuti lichite apilo ku kampaniyo, kampaniyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 30, kapena maola 72 ngati kuchedwa kungaike thanzi la mwana pachiswe, ndipo ikakananso nkhaniyo mungathe kupita nayo kwa woweruza wa chigawo. Muli ndi ufulu wopempha mapepala onse amene anagwiritsa ntchito pokukanani, kwaulere. Ngati akudula chithandizo chimene anavomereza kale nthawi yake isanathe, mukapempha pasanathe masiku 10 chimapitirira apilo ili m'kati. Ife tinayamba ndi maola 10 aja kuti tisataye sabata ina, uku tikulemba apilo. Katswiri uja analembanso dongosolo: mwana alibe liwu ngakhale limodzi limene amaligwiritsa ntchito popempha, amamenyetsa mutu pansi kangapo patsiku akalephera kumvedwa, ndipo akazi anga anali atalemba m'kope kwa masabata awiri ola ndi chimene chinayambitsa ulendo uliwonse. Dokotala wa ana anawonjezera kalata ya tsamba limodzi yotchula EPSDT ndi mawu aja a kuchepetsa vuto. Patatha masiku 24 anavomereza maola 20.

Kukhwimitsa kwa mapepalaku kuli ndi pochokera. Mu Disembala 2024 ofesi yofufuza za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama mu unduna wa zaumoyo inapeza kuti ku Indiana kokha ndalama zosachepera madola 56 miliyoni zinalipiridwa pa ABA mosatsata malamulo m'zaka za 2019 ndi 2020, kwakukulu chifukwa zolemba za maphunzirowo zinali zosakwanira. Pachifukwa chimenechi sindisayina pepala la maola ndisanaliwerenge, ndipo tsiku lina ndinakana kusayina maola atatu pamene mphunzitsi anakhala awiri.

Za chithandizo chenichenicho ndili ndi maganizo awiri. Achibale ena atamva kuti tayamba anatilimbikitsa kuti kuwongola mtengo n'poyamba, ndipo ndikudziwa kuti ankanena mwachikondi, koma mwana wanga si mtengo wokhota, ndipo ABA yoyendetsedwa ndi maganizo amenewo ndi imene akuluakulu ambiri a autism, monga a bungwe la Autistic Self Advocacy Network, amaidzudzula kuti imaphunzitsa mwana kubisa mmene alili kuti asangalatse ena. Mbiri ya maola ambiri inachokera pa kafukufuku wa Ivar Lovaas wa ku yunivesite ya UCLA wa mu 1987, amene ana 19 ankaphunzitsidwa maola 40 pa sabata ndipo 9 mwa iwo anafika pophunzira bwino m'makalasi wamba. Anawo anali ochepa, ndipo njira zina zimene zinkagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo, kuphatikizapo chilango, lero n'zosavomerezeka. Kwa ana aang'ono kunabwera njira zophunzitsira m'masewera, monga Early Start Denver Model ya Sally Rogers ndi Geraldine Dawson, imene kafukufuku wake wa ana 48 anatuluka mu 2010. Ife tinapempha kuti zolinga zokakamiza mwana kuyang'ana munthu m'maso ndi zomuletsa kukupiza manja zichotsedwe, ndipo katswiri sanatsutse. Nditaona mmene mwana amatopera ikamakwana 3 koloko masana, ndinasiya kudandaula za maola asanu amene sitinapatsidwe.

Chimene chinanditsimikizira kuti ntchitoyi ili ndi phindu chinachitika m'sabata yachisanu ndi chiwiri. Mphunzitsi anauzira thovu la sopo kamodzi, kenako anatseka botolo n'kungokhala chete akumwetulira. Mwanayo anamukoka dzanja, analira pang'ono, anayang'ana pansi pamene ankakonda kumenyetsa mutu, ndipo ine ndinadzuka kuti ndimugwire, koma mphunzitsiyo anangosendeza kachithunzi ka botolo pafupi ndi bondo lake. Anakatola n'kukaika m'manja mwa mphunzitsi, ndipo nthawi yomweyo thovu linadzaza chipinda. Lero ali ndi zithunzi zoposa 30 ndi mawu 6, ndipo m'kope la amayi ake mumatha sabata yathunthu osalembedwa kanthu.

Dandaulo langa lalikulu pa malo amene timalandirako chithandizo ndi kusinthasintha kwa aphunzitsi. Amene amakhala ndi mwana tsiku ndi tsiku si katswiri uja koma womuthandiza wotchedwa RBT, amene amafunika satifiketi ya sekondale, maphunziro a maola 40 ndi mayeso, ndipo katswiri amayenera kumuyang'anira pa maola osachepera 5 mwa 100 alionse. M'miyezi 8 tasintha aphunzitsi katatu, ndipo aliyense akachoka timataya masabata awiri kapena atatu a maola ovomerezedwa kale amene sabwezedwa. Wachiwiri anatilangiza kuti tisiye kulankhula Chichewa pakhomo kuti mwana asasokonezeke. Katswiri atamva anamuwongolera, popeza kafukufuku sanapeze kuti zilankhulo ziwiri zimawonjezera kuchedwa kulankhula kwa ana a autism, ndipo liwu lachitatu limene mwanayo anatchula linali lakuti madzi. Galimoto yopita kuchipatala imene Medicaid imalipira tinaigwiritsa ntchito kawiri ndipo inafika pa nthawi yake. Womasulira ndi waulere, koma wa Chichewa amafunika kumupempha masiku angapo lisanafike tsikulo.

Chilolezo chachiwiri chinatuluka popanda vuto chifukwa nthawi imeneyi tinali ndi manambala a miyezi 6 osonyeza pamene mwana wachokera. Mwezi wamawa akwanitsa zaka zitatu, kutanthauza kuti atuluka m'gawo C n'kulowa m'manja mwa sukulu za boma za m'dera lathu, ndipo katswiri watichenjeza kale kuti kampani idzafunsa ngati maola a kusukulu sakubwereza zimene ABA ikuchita. Msonkhano ndi a sukulu uli Lachiwiri likudzali, ndipo akazi anga agula kope latsopano.