Dizilo ku America: kuthamangira pampu yotchipa kapena kuchotsa kaye msonkho wa state?

Abale oyendetsa mathiraki kuno ku America, makamaka inu amene mwagula kumene thiraki yanuyanu, pankhani ya kothira dizilo pali magulu awiri ndipo sagwirizana. Ena amati ukaona chikwangwani cha truck stop chalemba mtengo wotsika, khota pompo, dzadza mathanki onse awiri basi. Enawa amati ayi, mtengo wa pachikwangwani umanamiza, uyambe wachotsapo msonkho wa state imeneyo kenako uyerekeze zotsalazo. Ine ndili ku gulu lachiwirili, koma sikuti njirayi ndi ya aliyense ayi.

Mu galoni imodzi muli misonkho yosanjikizana. Boma la federal limatenga masenti 24.4, chiyambire 1993 sanasinthe, ndipo ndi womwewo kaya muli ku Texas kaya ku Maine, ndiye umenewo tiusiye. Pamwamba pake pamabwera wa state, apa ndiye pali kusiyana koopsa: Oklahoma masenti 19, Texas 20, Ohio 47 kuyambira Julaye 2019, Pennsylvania mu 2024 inali pa 74.1. Ndiye m'malo ena county (chigawo cha mkati mwa state) ndi mzinda nawonso amaikapo kawo. Kumudzi tinazolowera kuti MERA ikalengeza mtengo ndi umodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ma levy onse ali momwemo, kuno ungowoloka malire a state manambala asintha kale.

Njira yoyamba ija ubwino wake ndi wosachita kufunsa, siifuna masamu ndipo lero lomwe mthumba mumatsala kenakake. Ngati muli ndi pickup ya dizilo kapena ka box truck ka ma axle awiri kosapitirira mapaundi 26,000, musavutike ndi zina zonsezi, njira yanu ndi yomweyi. Inu simuli mu IFTA, mgwirizano wa ma state wogawana msonkho wa dizilo wa mathiraki aakulu, ndiye msonkho umene mwalipira pa pampu wapita basi, palibe amene adzakubwezereni kapena kukulipiritsani wina. Mukakhala pafupi ndi malire a Missouri ndi Illinois thirani ku Missouri, ngakhale nakonso akhala akukweza pang'onopang'ono, kuchoka pa masenti 17 mu 2021 kufika pa 29.5 mu Julaye 2025.

Koma thiraki ikakhala yaikulu, yopitirira mapaundi 26,000 kapena ya ma axle atatu kupita mtsogolo, ndipo mumadutsa malire, nkhani yasintha. IFTA ndi mgwirizano wa ma state 48 ndi ma province 10 a ku Canada, ndipo mfundo yake ndi imodzi yokha: msonkho wa state umatsatira kumene mwawotchera dizilo, osati kumene mwamugula. Kota iliyonse, ndiye kuti miyezi itatu iliyonse, mumalemba pa fomu ya IFTA mamailosi onse, magaloni onse, apeze kuti thiraki yanu imayenda mamailosi angati pa galoni, kenako state iliyonse ipatsidwe gawo lake malinga ndi mamailosi amene munayenda m'misewu yake. Msonkho umene munalipira kale pa pampu amauwerengera ngati ndalama imene munasungitsa.

Tiyerekeze muli pa I-80, kuchoka ku Ohio kulowa Pennsylvania. Mwayenda mamailosi 300 mu Pennsylvania, thiraki yanu imapanga 6 pa galoni, ndiye mwawotcha magaloni 50 mmenemo. 50 kuchulukitsa ndi masenti 74.1 ndi $37.05. Ndalama imeneyo Pennsylvania idzaitenga ndithu, kaya munathira ku Youngstown musanalowe kaya simunaimeko olo kukagula khofi. Amene amadzitama kuti ine Pennsylvania ndimangoidutsa sindithirako, sanazembe kanthu, angoikankhira kutsogolo ngongoleyo, ili ngati ngongole ya pa okala, mwezi ukatha mwini wake amatulutsa kabuku.

Ndiye apa mpamene njira yachiwiri ikupambanira. Mitengo iyi ndangoiyika ngati chitsanzo: Ohio chikwangwani chikuti $3.80, Pennsylvania chikuti $4.00. Wa njira yoyamba akhotera ku Ohio osaganiza kawiri. Koma chotsani msonkho, Ohio itsala $3.33, Pennsylvania itsala pafupifupi $3.26. Dizilo weniweniyo, wopanda msonkho, ndi wotchipa ku Pennsylvania ndi masenti 7, pa magaloni 150 ndi madola 10 ndi kanthu, ndipo munthu woyenda OTR, maulendo ataliatali odutsa ma state, amathira kangapo pa sabata, werengani nokha pa chaka. Masenti owonjezera munalipira pa pampu aja sanatayike, akakuchotserani pa bilu ya kota, mwinanso nkubwezeredwa kumene. Sikuti state ya msonkho wokwera imapambana nthawi zonse ayi, masiku ena Ohio yomweyo ipambana, nkhani ndiyakuti osaweruza ndi chikwangwani.

Kuipa kwa njira yachiwiri nkwakuti ndalama yanu imakakhala kwa boma miyezi ingapo. Ngati broker, amene amakupezerani katundu woti munyamule, akuchedwa kulipira ndipo inshuwalansi ikudikira, ndikumvetsa munthu wosankha kulipira zochepa lero. Kungoti azidziwa kuti 30 Epulo, 31 Julaye, 31 Okutobala ndi 31 Januwale, masiku omaliza operekera fomu ya IFTA ndi msonkho wake, zikubwera, ndipo ukachedwa chindapusa ndi $50 kapena 10 peresenti ya msonkhowo, chimene chakula pa ziwirizo, kuphatikiza chiwongola dzanja. Ndaonapo munthu wina atathira ku Texas ndi Oklahoma kota yonse uku katundu akukatula kumpoto, tsiku lolemba IFTA anangoti duu pa foni kuyang'ana bilu, ati mwina akauntanti walakwitsa, koma masamu anali olondola.

Tsopano za county, zimene ambiri a magulu onse awiri amaziphonya. Msonkho wa county kapena wa mzinda nthawi zambiri sulowa mu IFTA, umathera pa pampu pomwepo. Ndiye lamulo lake ndi losemphana ndi la state uja: wa state ukutsatani kulikonse, wa county mukhoza kuuthawa pongoyenda mamailosi ochepa. Chitsanzo chodziwika kwa ife oyenda njira ya Chicago ndi Illinois. State yokha inakweza dizilo mu 2019 kuchoka pa masenti 21.5 kufika pa 45.5 ndipo akhala akuonjezera pafupifupi chaka chilichonse, koma umenewo IFTA imauwerengera. Cook County, momwe muli Chicago, imaikapo masenti 6, mzinda wa Chicago 8, pamodzi 14 pa galoni, magaloni 150 ndi $21 yongopereka osadzaionanso. DuPage, Kane, McHenry, Lake ndi Will nawonso ali ndi wawo wa county. Ndiye munthu wochenjera ndi masamu a IFTA akhoza kuona Illinois ikutuluka bwino papepala, nkukathira mkati mwa Cook County, phindu lonse lija lathera pomwepo. Pitirirani pang'ono pa I-80, I-55 kapena I-57 mutuluke m'ma county ozungulira Chicago. Florida ndiye anachita zosiyana, ma county amasiyana pa petulo koma pa dizilo gawo la county ndi lofanana state yonse, kumeneko palibe chifukwa chosankhira county.

Pali ma state ena amene amasokoneza njira zonse ziwiri. Ku Oregon thiraki yaikulu yokhala ndi mapepala ake salipira msonkho wa state pa pampu, ndiye mtengo umaoneka wokoma kwambiri, koma amakudulani pa kulemera ndi mamailosi, ndipo poyerekeza simuchotsapo kanthu chifukwa mulibemo msonkho woti muchotse. Kentucky, New Mexico ndi New York nawo ali ndi msonkho wa mamailosi wapadera pamwamba pa wa dizilo, Connecticut inayamba wake mu 2023. Kentucky ndi Virginia alinso ndi surcharge, ndalama yoonjezera pamwamba pa msonkho, pa fomu ya IFTA, imeneyo mumalipira ndithu olo mutathira komweko magaloni onse, palibe lisiti imene ingaifafanize.

Amene muli pa lease, thiraki yanu ikuyenda pansi pa dzina la kampani ina, musanasankhe njira funsani kaye kuti IFTA amaiwerengera bwanji. Ena amawerengera thiraki iliyonse payokha ndipo amakudulani kapena kukubwezerani pa settlement, pepala la malipiro anu, pamenepo njira yachiwiri ndi yanu. Ena amalipira okha msonkho wonse wa kota osakudulani, pamenepo mukamathira kodula kuti mupeze credit mukupindulitsa kampani, bola mungothamangira pampu yotchipa. Ma company driver inu nkhaniyi siikukukhudzani, thirani kumene akutumani.

Mwina wina anena za dizilo wofiira, wa mathirakitala ndi ma jenereta uja, poti alibe msonkho wa msewu. Imeneyo si njira yachitatu achimwene. Akamiza kachubu mu thanki nkupeza utoto, chindapusa cha federal chokha ndi $1,000 kapena $10 pa galoni, chimene chakula, state isanaikepo chake. Za reefer, ngolo yokhala ndi firiji, ndi nkhani ina, dizilo wa mu firiji uja asalowe mu IFTA, muzitenga lisiti yake payokha chifukwa msonkho wa federal wa pamenepo mukhoza kuwuitanitsa pa Form 4136.

Pa zonsezi ine ndimatenga mitengo ya msonkho ya kota imeneyo pa tsamba la IFTA, poti imasintha, ndichotse pa mtengo umene fuel card yanga ikundipatsa osati wa pachikwangwani, kenako ndione ngati truck stop yo ili mu county yodula. Malisiti musataye, amafuna a zaka 4, ndipo pepala la pa pampu lija limafufutika likakhala pa dashibodi padzuwa, lijambuleni pa foni tsiku lomwelo.