Mafuta olowa m'thabwa: kodi amabweza ndalama pa ntchito yotsuka ndi kupaka khonde lamatabwa?

Mwa mankhwala onse opaka khonde lamatabwa likatsukidwa, amene tikuwaunika pano ndi mafuta olowa m'thabwa, aja okhala ndi mtundu pang'ono koma osabisa mizere ya thabwalo. Makampani ambiri amawapanga ndi mayina osiyanasiyana, koma amagwira ntchito mofanana: amamwerera m'kati mwa thabwa, sasiya chikopa pamwamba monga achitira vanishi ndi penti. Tikuwaunika ndi maso a munthu wa bizinesi yotsuka ndi makina opopera madzi mwamphamvu, amene akatchula mtengo lero ayenera kukhala nawo mpaka ntchito itatha.

Kwa munthu ameneyu mafutawa ndi abwino, ndipo chifukwa chachikulu n'chimodzi: sasupuka. Akatha mphamvu amangozilala. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, khonde lomwelo mumalitsuka pang'ono n'kupakanso, osapala. Mankhwala osiya chikopa, makamaka a acrylic, amakongola chaka choyamba, koma madzi akalowera m'ming'alu ndi kumapeto kwa matabwa, chikopacho chimatukuka n'kuyamba kusendeka m'malo oponda anthu. Kasitomala akaona zimenezi amaimbira yemwe anapaka, ndipo kukonza kwake n'kupala khonde lonse. Ntchito yobwereza yoteroyo imadya phindu lonse la ntchito yoyamba.

Mafuta opanda mtundu n'komwe sitikuwalimbikitsa pa khonde loombedwa ndi dzuwa. Chimene chimatchinga dzuwa ndi utoto umene uli m'mafutamo, kawirikawiri wa iron oxide. Popanda utotowo madzi amatsetsereka ndithu, koma thabwa limatuwa chaka chisanathe, ndipo mwini nyumba amati mafuta anu anali achabe.

Vuto lalikulu la mafutawa n'lakuti salowa m'thabwa lonyowa. Ambiri amafuna kuti chinyontho cha thabwa chitsike kufika pa 15 peresenti kapena kucheperapo, ndipo zimenezi zimatenga maola osachepera 48 mukatsuka, kukakhala kuti kunja kwacha bwino. Khonde la pamthunzi kapena loyandikira dothi limachedwa kuposa pamenepa. Kukhudza ndi dzanja kumanamiza, chifukwa pamwamba pamauma m'kati mudakali madzi. Gulani kachipangizo koyezera chinyontho, ka timisomali tiwiri kaja, muziyeza malo angapo, makamaka m'mbali mwa khoma ndi pamasitepe apansi. Popaka pamafunikanso kutentha kwa pakati pa madigiri 10 ndi 32, thabwa lisakhale lotentha ndi dzuwa, ndipo mvula isagwe kwa maola 24. Tanthauzo lake pa mtengo n'lakuti ntchitoyi ndi ya maulendo awiri, mwina atatu nyengo ikasokoneza. Amene amalemba mtengo ngati wa tsiku limodzi amakhala wayamba kale kuluza asanalize makina.

Musanatchule mtengo, dziwani chimene chili pa thabwalo. Donthezani madzi malo angapo. Akamwerera msanga, thabwa ndi lotseguka, lingofunika kutsuka. Akaima timadontho, pali mankhwala akale, ndipo mafuta atsopano sangadutsepo. Apa mpamene mitengo imasiyanirana kwambiri, ngakhale makonde awiri atafanana kukula.

Thabwa lotuwa chabe, la ndere ndi nkhungu, limayera ndi sodium percarbonate, ufa wosungunula m'madzi ofunda, kawirikawiri magalamu 30 mpaka 60 pa lita. Mumaupopera, n'kuusiya mphindi 10 mpaka 15 osalola kuti uume, kenako n'kutsukuluza. Sungunulani wokwanira tsikulo basi, chifukwa ukasungunuka umatha mphamvu m'maola ochepa, komanso umatulutsa mpweya moti suyenera kutsekeredwa m'botolo. Bulichi amapha nkhungu mofulumira ndipo ndi wotchipa, koma akakhala wamphamvu amawononga ulusi wa thabwa, kulisiya loyera mbuu, n'kuwauliranso maluwa a m'mbali. Mafuta akale amachoka ndi mankhwala a sodium hydroxide. Awa amadetsa thabwa, choncho pamafunika kutsatiza ndi oxalic acid kuti thabwa libwerere mtundu wake ndi kuti mafuta atsopano alowe bwino. Oxalic acid yemweyu ndiye amachotsanso madontho akuda ozungulira misomali, amene amabwera chitsulo chikakumana ndi tannin wa m'thabwa. Asidi ndi bulichi zisakumane ngakhale pang'ono: zimatulutsa mpweya wa chlorine, womwe ndi wakupha.

Chikopa cha acrylic kapena penti ndi nkhani ina. Nthawi zambiri sodium hydroxide sachimaliza, ndiye pamafunika makina opalira ndi sandipepala ya nambala 60 mpaka 80. Yosalala kuposa pamenepa imatseka timabowo ta thabwa, mafuta n'kulephera kumwerera. Ntchito yopala ilembeni pamzere wakewake, ndipo musanatchule mtengo yesani mankhwala ochotsera pa kamalo kakang'ono kobisika. Mphindi 15 zoyesera zimakuuzani ngati ntchitoyo ndi ya tsiku limodzi kapena ya masiku atatu.

Potsuka, mankhwala ndiwo amagwira ntchito, makina amangotsukuluza. Thabwa lofewa ngati paini ndi cedar limafuna mphamvu ya psi (muyezo wa mphamvu imene makina amapopera nayo madzi) 500 mpaka 800, ndipo kupitirira 1,200 n'kuliputa dala. Makina ambiri a bizinesi amafika 3,000 kapena kuposerapo, choncho ikani kamlomo ka bowo lalikulupo kuti mphamvu itsike koma madzi asachepe. Gwiritsani kamlomo koyera ka madigiri 40 kapena kobiriwira ka madigiri 25 (madigiriwa amasonyeza mmene madzi amatambasukira potuluka), kutalika masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa thabwa, motsatira mizere yake, thabwa limodzi kuchokera uku mpaka uko osaima pakati. Kamlomo kofiira ka madigiri 0 kamajeba thabwa. Mukapyola muyezo thabwa limachita ubweya, ndipo mafuta olowa m'thabwa sabisa chilichonse: mzere uliwonse umene ndodo yopopera inasiya umaonekera kwambiri mukapaka. Penti akanabisa. Ichi n'chifukwa chake mafutawa amalanga wotsuka mothamanga, ndipo nthawi yotsuka siyenera kuchepetsedwa pa kotesheni.

Tsopano masamu ake. Titenge khonde la mamita 5 m'lifupi ndi 8 m'litali, lomwe ndi masikweya mita 40, lokhala ndi mpanda wa m'mbali zitatu wokwana mamita 18 ndi masitepe 6. Thabwa lakale louma limamwa lita imodzi pa masikweya mita 4 mpaka 6 ulendo woyamba. Nambala yolembedwa pa chitini imakhala ya thabwa losalala, choncho pa thabwa long'aluka tengani yotsikayo. Tikati masikweya mita 5 pa lita, pansi pokha pakufunika malita 8. Kupaka kachiwiri, ngati wopanga mafutawo akulola, kumatenga pafupifupi theka, malita 4. Mpanda wa mamita 18 uja, ukakhala wa msinkhu wa mita imodzi, muuwerengere mbali zonse ziwiri ngati khoma, masikweya mita 36. Mipata ya pakati pa timizati imabwezera mafuta otayika ndi a m'mbali mwa kamzati kalikonse. Awo ndi malita 7 enanso. Onjezani lita imodzi ya masitepe, zakwana malita 20. Chidebe cha magaloni 5 a ku America chimakhala malita 18.9, ndiye sichikwana. Ndipo mukagula zitini zingapo, ziphatikizeni m'chidebe chimodzi musanayambe, muzivundula pafupipafupi, chifukwa utoto umakhala pansi ndipo mtundu umasintha pakati pa khonde.

Mafuta si ndiwo amadya ndalama zambiri pa ntchitoyi. Ndi nthawi, ndipo nthawiyo imathera pa mpanda. Pansi pa khonde munthu amapaka ataimirira, ndi bulashi yaikulu ya pandodo, matabwa awiri kapena atatu nthawi imodzi. Kamzati kalikonse ka mpanda kali ndi mbali zinayi, ndipo mamita 18 amakhala ndi timizati topitirira 100. Si zachilendo kuti mpanda utenge nthawi yoposa ya pansi ponse. Kupopera kumafulumiza, koma kumafuna kuphimba khoma, mawindo, maluwa ndi simenti, ndipo dontho la mafuta pa konkire kapena pa njerwa limavuta kuchotsa. Choncho mtengo umodzi wa sikweya mita sukwanira. Pansi werengani pa sikweya mita, mpanda pa mita, masitepe limodzilimodzi, ndipo khonde la m'mwamba lofuna makwerero likhale ndi mtengo wake. Kusuntha mipando ndi miphika ya maluwa, kukhomerera misomali yotuluka, kunyowetsa zomera musanathire mankhwala, zonsezi ndi maola. Dziyezeni nthawi pa ntchito zingapo, gawo lililonse palokha, mpaka mudziwe liwiro lanulanu. La munthu wina silingakuthandizeni.

Mukaphatikiza maola, mankhwala, mafuta a galimoto a maulendo awiri, inshuwalansi ndi kutha kwa makina, samalani poika phindu. Ntchito ikakudyerani 100 ndipo mwaonjeza 30 peresenti, mtengo ndi 130, koma phindu lenileni ndi 23 peresenti ya mtengowo. Kuti 30 peresenti ya mtengo ikhale yanu, gawani 100 ndi 0.7, mupeza 143. Khalaninso ndi mtengo wotsikitsitsa umene simuupyola, chifukwa kakhonde ka masikweya mita 10 kamafunabe maulendo awiri, kutsitsa zida kawiri ndi kutsuka mabulashi.

Cholakwika chofala popaka n'kuthira mafuta ambiri poganiza kuti ndiye chitetezo. Thabwa likakhuta, otsalawo amakhala pamwamba, amanyezimira, amamata kumapazi kwa masabata n'kukoka fumbi. Pukutani otsala pakatha mphindi 15 mpaka 30. Nsalu zopukutirazo musaziunjike: mafuta a linseed ndi ena ofanana nawo amatentha pouma ndipo mulu wa nsalu umatha kuyaka wokha. Ziviikeni m'madzi m'chitini chachitsulo chokhala ndi chotsekera.

Pali makonde amene mafutawa sapindula. Matabwa olimba ngati ipe ndi teak amamwa pang'ono kwambiri, amafuna mafuta opangidwira iwowo, opakidwa mopyapyala, ndipo kawirikawiri amafunika kubwereza chaka ndi chaka. Muuzeni kasitomala zimenezi musanayambe. Matabwa osakaniza pulasitiki ndi utuchi nthawi zambiri amangofuna kutsuka. Matabwa atsopano othiridwa mankhwala oletsa kuola amabwera onyowa ndipo amafuna masabata kapena miyezi kuti aume.

Pa kotesheni lembani dzina la mafuta ndi mtundu wake, kangati mudzapake, mbali zimene mudzapake ndi zimene simudzakhudza, monga kunsi kwa khonde, komanso kuti tsiku lopaka lidzadalira chinyontho cha thabwa. Matabwa oola ndi madontho akale osachoka muwajambule ndi kuwasonyeza mwini nyumba musanatsuke. Musalonjeze zaka zolembedwa pa chitini, pakuti pansi pamatha msanga kuposa mpanda. Chimene mungalonjeze n'chakuti mafutawa sadzasupuka, ndipo pomwepo lembani mtengo wotsikirapo wodzatsuka ndi kupakanso pakatha zaka ziwiri, popeza ulendo umenewo sipadzafunika mankhwala ochotsera kapena makina opalira.